Jekete ya M'kabati Yagalasi

1

Ndakhala pabanja ndi a Ekkehard Rehwinkel zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezi ndakhala mkazi wamng'ono. Mkazi wamkulu ndi jekete.

Amuna anga amatolera mayunifolomu a akuluakulu a asilikali apakavalo, a m'nthawi imene dziko lathu la Germany linali ndi mfumu. Ali nawo makumi anayi ndi awiri. Amawasunga m'chipinda cham'mwamba, chimene tinapaka penti wachikasu poyembekezera ana amene sanabwere. M'chipindamo makatani satsegulidwa, khofi salowa, ndipo wofuna kukhudza kanthu amayamba wavala magolovesi oyera. Eni akewo anagwira ntchito zaka makumi atatu ku khonsolo, mu ofesi yolembetsa magalimoto. Hatchi anaikwerapo kamodzi pa chionetsero cha zaulimi, ndipo anatsika akuyetsemula, maso atatupa ngati alumidwa ndi njuchi. Komabe mukawaona akuyenda m'tauni mwathu muno mungaganize kuti hatchi aimangirira kuseri kwa positi ofesi.

Ali ndi kagulu ka anzawo asanu ndi atatu, madoda okhaokha, ndipo wapampando ndi iwo. Chimene amatchuka nacho ndi mphuno. Munthu akabwera ndi yunifolomu, iwo amatsinzina, kuinunkhiza m'khosi, n'kutchula chaka chimene inasokedwa. Dokotala wina wa mano anasiya kubwera ku misonkhano atamuuza pagulu kuti imene anagula modula ija inasokedwa dzana.

Koma mayunifolomu ena onsewo ndi operekeza chabe. Pakati pa chipinda pali kabati yagalasi, ndipo m'menemo mwaima jekete ya agogo awo, Kaputeni Albrecht Rehwinkel, amene anafera kunkhondo mu 1918. Ndi yabuluu wakuda, pachifuwa pofiira, mabatani mizere iwiri. Masiku amenewo akuluakulu a asilikali ankadzisoketsera okha zovala, ndipo telala ankasokerera kansalu m'thumba lam'kati, n'kulembapo ndi inki dzina la mwini wake ndi chaka. Kansalu kameneka a Ekkehard amakaonetsa kwa alendo monga mmene ena amaonetsera chithunzi cha mdzukulu. Kiyi wa kabatiyo amagona naye m'khosi.

Lamulungu lina m'chaka cha 2018, tikumwa khofi ndi keke ya maapozi, anapukuta pakamwa n'kundiuza kuti akuluakulu a nyumba yosungiramo zinthu zakale apempha kubwereka jeketeyo. Ankakonza chionetsero chokumbukira kuti patha zaka zana nkhondo ija itatha. Anati dzina la banja lidzalembedwa pakhoma. Kenako anawonjezera, ngati nkhani yaing'ono, kuti Lachinayi kubwera katswiri wodzaiyeza, popeza ndilo lamulo lawo.

Ndinaika kapu yanga pansi mosamala kuti isalire. M'kabati muja munali chinthu chimene ndinachita zaka khumi ndi zinayi m'mbuyomo, ndipo ndinali ndi masiku anayi okha.

2

Ndinayesa zonse. Ndinawakumbutsa za njenjete, za fumbi, za ana asukulu a manja amafuta. Ndinati galimoto yonyamula ikhoza kuchita ngozi. Anandisisita paphewa n'kunena kuti akusangalala kuona kuti patapita zaka zonsezi ndayamba kuikonda jeketeyo.

Lachinayi anavala tayi. Ankayembekezera nkhalamba ya ndevu, koma pakhomo panafika mayi wamfupi wa nsapato zafulati, atapalasa njinga, dzina lake Dokotala Pohlmann. Amuna anga anayamba kumufotokozera mbiri ya gulu la asilikali la agogo awo kuyambira pa masitepe. Mayiyo ankangoti "eya, eya" kwinaku akuvala magolovesi ake amene anabwera nawo.

Anayamba ndi mabatani, n'kugwedeza mutu kuti ali bwino. Anapisa m'thumba, kuwerenga kansalu ka telala kaja, n'kugwedezanso mutu. Ndinayamba kupuma. Kenako anapempha kuti tizimitse magetsi, n'kutulutsa katochi kowala mwabuluu. Anati nsalu yakale ikawalitsidwa ndi katochi kameneka imangokhala zii, koma ya masiku ano imanyezimira.

Kunja kwa jekete kunali zii. Ataitembenuza, nsalu yam'kati inawala ngati mano a mwana.

"Iyi inachapidwapo ndi sopo waufa," anatero.

"Jekete imeneyi sinaonepo madzi chiyambire 1912, mayi."

"Ndiye kuti mu 1912 kwanu kuno kunali kale sopo wa masiku ano."

Sanaseke ndi mmodzi yemwe. Mayiyo anati sopo yekha si umboni, mwina wina anangoichapa mwa chifundo. Anatenga galasi lokulitsa zinthu n'kuyamba kutsata misoko, pang'onopang'ono, monga mmene nkhuku imatsatira mzere wa mapira. Ndinkadziwa kumene akupita. Atafika m'khwapa ya kumanzere anaima. Anapempha chilolezo, kudula kaulusi kochepa ngati nsidze, n'kukayandikiza pa moto wa laita. Ulusi wakale umapsa n'kusanduka phulusa. Uwu unafwanyala n'kusanduka kampira kakuda kolimba.

Anayatsa magetsi yekha. Anati mabatani ndi enieni, kansalu ka dzina n'kenikeni, ngakhale nsalu yakunja ndi yakale ndithu, koma jeketeyo inasokedwa ndi munthu wa m'nthawi yathu ino. Mabataniwo ndi kansaluko anachita kuzisamutsa kuchokera pa jekete ina.

"Pepani kwambiri, bambo Rehwinkel. Koma amene anasoka ameneyu ndikanakonda kumugwira chanza. Zaka makumi awiri ndikugwira ntchitoyi, sindinaonepo manja otere."

Mulungu andikhululukire, pakati pa mantha onsewo ndinamva kukoma.

Amuna anga anaweramira pa jeketeyo, kutsinzina, n'kuinunkhiza m'khosi. Anakhala choncho nthawi yaitali. Sanatchule chaka.

3

Masiku awiri sanadye. Tsiku lachitatu anatsika ndi kope m'manja, atameta ndevu, nkhope ili gwa ngati ya wapolisi. Anati aiganizira nkhani yonse ndipo wakubayo amupeza.

Kiyi anachoka m'khosi mwawo kamodzi kokha m'moyo wawo. Munali mu Epulo 2004, pamene anagonekedwa m'chipatala masiku asanu kuti awachite opaleshoni ya ndulu. Nthawi imeneyo bambo awo, a Gottfried, anali gone m'nyumba mwathu momwemo, akudwala matenda amene anawatenga. Kiyi anaikidwa mu envelopu, envelopuyo m'dirowa ya kuchipinda kwathu. M'nyumbamo munali anthu atatu: wodwalayo, ine, ndi mchemwali wawo Almut, amene anabwera kudzathandiza kudwazika.

"Bambo sankatha n'kudzuka komwe," anatero akuwerenga pa zala. "Iweyo, Frauke, usakhumudwe, koma wamva wekha zimene wanena katswiri uja. Imeneyi ndi ntchito ya mmisiri. Iwe umasoka zovala za anthu ovina."

N'zoona, ndinagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu m'chipinda chosokera cha nyumba ya zisudzo. Ndinavomera kuti ndimasoka zovala za anthu ovina.

Ndiye panatsala Almut. Anakumbukira kuti chaka chomwecho Almut anagula galimoto. Anakumbukiranso kuti ali ana, Almut anawabera mpeni wa m'thumba. Anati jekete yeniyeniyo anaigulitsa kwa munthu wakunja, wogulayo n'kumupezera telala woti asoke yachinyengo. Nkhaniyo inalukana bwino kwambiri moti pena ndinkaiwala kuti ndi yabodza.

Apa mpamene ndikanayankhula. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chakuti, kodi ndiwonjezere khofi.

Amuna anga sakalipa. Amalemba makalata. Analembera Almut masamba atatu, n'kuikamo zithunzi za misoko zimene katswiri uja anajambula, ngati umboni. Kenako anachulukitsa kalatayo kuti ipite kwa asuweni onse, kwa anzawo a m'kagulu kaja, ndi kwa abusa. Almut ndi mayi wamasiye, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri ndiye wakhala akusunga makiyi a tchalitchi chathu. Amatsegula, amatseka, amayatsa makandulo, amapukuta zikho za mgonero zasiliva. Amuna anga anati abusa ayenera kudziwa mtundu wa munthu amene anamupatsa makiyi.

Bondo linkawavuta sabata imeneyo. Makalata khumi ndi asanu ndi awiri aja ndinakaponya ku positi ndine. Ndinaima pa bokosi lachikasu lija mphindi zingapo, mayi wina amene anali pambuyo panga n'kundifunsa ngati ndikumva chizungulire. Ndinati ayi, n'kuwaponya onse.

Patangotha masiku atatu tinamva kuti abusa apempha Almut kuti ayambe wapereka makiyi mpaka nkhaniyi itaoneka mutu wake. Kumalo ogulitsira buledi anthu ankasiya kuyankhula iye akalowa.

4

Anabwera Lachisanu m'mawa, atadikira kuti achimwene ake atuluke kupita kwa dokotala wa bondo. Sanagogode. Anandipeza ndikusenda mbatatesi, ndipo sanavule n'chikhoti chomwe.

Anaika pa tebulo chimodzi mwa zithunzi zija. Kenako anatulutsa m'chikwama diresi loyera limene linali litayamba chikasu, n'kulitembenuza kunsi kwake. Linali diresi lake laukwati. Ndinamusokera ndine.

Telala aliyense ali ndi njira yake yomalizira msoko. Ena amamanga mfundo, ena amabisa ulusi. Ine amene anandiphunzitsa ankabwereza katatu kenako n'kupingasa kamtanda kakang'ono, ndipo dzanja langa limachita zimenezo lokha, ngakhale mutu uli kwina. Pa chithunzi chija, atachikulitsa kakhumi, kamtandako kanali poyera m'khwapa mwa jekete. Pa diresi kanalinso pomwepo.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "kamtanda aka kali pa makatani anga onse. Kali pa malaya a ubatizo a mwana wanga. Mumaganiza kuti sindikazindikira?"

Ndinapitiriza kusenda mbatatesi imene inali yosendasenda kale.

"Dzulo ndapereka makiyi. Ndawapereka kwa mayi amene sadziwa n'komwe kuti chitseko chakumbuyo chimafuna kukankha ndi phewa. Iwe unali kuti?"

Chikhalire sanandinenepo kuti iwe.

Ndinavomera. Ndinati inde, jeketeyo ndinasoka ndine. Anandifunsa kuti yeniyeniyo ndinagulitsa kwa yani, ndipo ndinati sindinagulitse. Anafunsa kuti nanga ili kuti. Ndinati sindinganene, chifukwa ndinalumbira.

"Unalumbira kwa yani?"

Ndinatenga mbatatesi ina. Anapinda diresi lake mosafulumira, n'kulibwezera m'chikwama. Anandiuza kuti achimwene ake amuitanitsa Lamulungu masana, pamaso pa abusa ndi msuweni wawo wamkulu, kuti akapepese ndi kutchula dzina la wogula. Anati abwera, ndipo diresilo abwera nalo.

"Ndikupatsa mpaka khofi atathiridwa. Ukapanda kunena wekha, ndinena ine. Ndipo ndikanena ine, ndinena kuti unagulitsa, chifukwa china chimene ndingaganize palibe."

Potuluka anayang'ana m'poto n'kunena kuti mbatatesi zimenezo n'zambiri kwa anthu awiri.

5

Ndikuuzeni mmene ndinaisokera, popeza mpaka lero palibe amene anandifunsa ndi mtima wofuna kumva.

Inanditengera miyezi inayi. Kumene ndinkagwira ntchito kunali chipinda chapansi chodzaza zovala zakale za zisudzo, zina za m'nthawi ya mfumu yomweyo. Ndinapezako chikhoti chachikulu chabuluu wakuda, nsalu yake yofanana ndendende, n'kuchiphwasula. Yofiira ndinaichotsa pa chovala china cha woimba ng'oma. Ulusi ndinkachita kusolola m'misoko ya zovala zakalezo, umodziumodzi, n'kumaukulunga pa kapepala.

Miyezo sinandivute. Amuna anga analembapo kabuku ka masamba khumi ndi anayi konena za jekete imeneyi, muli muyezo wa chilichonse, ngakhale mtunda wa pakati pa batani ndi batani. Anasindikiza mabuku zana, anagulidwa asanu ndi limodzi. Ndikukhulupirira kuti munthu amene anakawerenga mpaka kumapeto ndine ndekha.

Ndinkasoka pa nthawi yopuma masana, ndi manja, anzanga akudya. Ndinalakwitsa ziwiri. Nsalu yam'kati inkanunkha nkhungu, ndiye ndinaichapa, monga angachitire mzimayi aliyense woleredwa bwino. Ndipo tsiku lomaliza ulusi wakale unandithera m'khwapa, patatsala kamsoko kotalika ngati chala. Ndinatenga wa m'dirowa yanga. Ndinati ndani adzasuzumire m'khwapa mwa kaputeni.

Panatsala mphuno ija. Ndinakaipachika jeketeyo sabata yathunthu m'khola la mahatchi la mnzanga wina, kenako m'kabati ya mankhwala a njenjete. Amuna anga atagonekedwa m'chipatala ndinatsegula envelopu ija ndi nthunzi ya ketulo, kusamutsa mabatani ndi kansalu ka dzina, n'kuimika yanga m'galasimo.

Atatuluka m'chipatala anakwera masitepe atagwira pamimba, asanakaone n'komwe bambo awo. Anatsegula kabati, kununkhiza, n'kuyetsemula katatu. Anatembenuka misozi ili m'maso n'kundiuza kuti ndione, patha zaka zonsezi koma fungo la hatchi ya agogo likadalimo.

Loweruka lija, Lamulungu la mlandu lisanafike, ndinapita kumanda monga ndimachitira sabata iliyonse. Ndinatunga madzi m'kheni, kuthirira maluwa pa manda a apongozi anga, kuzula tiudzu. Ndinakhala pa benchi mpaka miyendo inachita dzanzi. Ndinawauza kuti bambo, mwandiika pamoto. Mwala sunayankhe, koma ndinanyamuka ndikudziwa chimene ndikanene.

6

Anatikhazika m'chipinda chodyera ngati bwalo la milandu. Amuna anga kumutu kwa tebulo ndi kope lawo, abusa kudzanja lamanja, msuweni wawo Hinrich kumanzere, Almut yekha kumapeto, chikwama chili pamiyendo. Jekete anaitsitsa n'kuigoneka pakati pa tebulo pa nsalu yoyera, ngati mtembo. Ine ntchito yanga inali yothira khofi.

Ndinathira wa abusa. Ndinathira wa a Hinrich. Amuna anga anali atayamba kale kuwerenga mfundo yoyamba mwa mfundo zisanu ndi zinayi. Nditafika pa kapu ya Almut, anaiphimba ndi dzanja n'kundiyang'ana. Dzanja linalo linali pa zipi ya chikwama.

Ndinaika ketulo pansi.

"A Ekkehard, siyani kuwerenga. Jeketeyi ndinasoka ndine."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena mokoma mtima kuti akudziwa kuti ndimamukonda mlamu wanga, koma ino si nthawi ya zisudzo. Ndinatembenuza jeketeyo ndi manja anga opanda magolovesi, kuwaonetsa kamtanda ka m'khwapa, kenako ndinapinda kunsi kwa malaya amene iwo anavala tsiku limenelo, amene ndinawafupikitsa ndine. Anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku. Khosi lawo linafiira.

"Ili kuti?"

"Ili kumanda. Bambo anu anaitsamira."

Ndiye ndinafotokoza zonse, nditaimirira.

Apongozi anga anali ndi zaka zisanu pamene bambo awo anafera kunkhondo. Kunkhondoko anapita ndi yunifolomu yotuwa, yabuluuyi inatsala kunyumba. Chaka chimenecho kunalibe malasha, ndipo mayi awo ankawafunditsa jeketeyo pogona. Nkhope ya bambo awo sankaikumbukira. Chimene ankadziwa chinali kulemera kwa jekete imeneyi pachifuwa, basi. Anaisunga moyo wawo wonse m'sutikesi, mpaka mwana wawo anaipempha n'kuitsekera m'galasi.

Atayamba kudwala anapempha kuti aigwireko. A Ekkehard anabwera nayo, koma anayamba awaveka magolovesi oyera, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi anayi, n'kuwapatsa mphindi zisanu. Anapemphanso kuti akadzamwalira adzawaike nayo m'bokosi. Mwana wawo anaseka n'kunena kuti bambo, chinthu cha mbiri ngati chimenechi sichikwiriridwa.

Tsiku lotsatira, ndikuwameta ndevu, anandigwira dzanja. Anati, "Mwananga, iwe uli ndi singano. Ine ndikufuna kugona ndi bambo anga." Mabatani anati ndimusiyire mnyamata wawoyo, popeza iwo ali mwana mabataniwo ankawakanda kumaso. Ndipo anandilumbiritsa kuti ndisadzanene, iwo ali moyo ngakhale atapita. Anati, "Ameneyu ndimamudziwa. Akhoza kudzandifukula."

Jekete yeniyeniyo ndinaisokerera m'kati mwa mtsamiro wawo. Anautsamira masabata atatu omaliza. Atamwalira ndinapempha okonza maliro kuti awagoneke pa mtsamiro wawo womwewo, ndipo sanaone chachilendo, anthu ambiri amatero.

Woyamba kuyankhula anali Almut, ndipo sankayankhula ndi ife.

"Mtsamiro uja. Ndinkati ndiuchape, ankandimenya dzanja."

Abusa ankayang'ana m'kapu mwawo. A Hinrich, amene samva bwino, anafunsa ngati tsopano angadye keke. Amuna anga anatseka kope lawo, n'kulisunthira pambali. Ndinkadikira kuti andithamangitse. Atatsegula pakamwa, mawu awo anali aang'ono.

"Unaikulunga m'pepala loteteza chinyezi?"

Ndinati ayi.

Anaimirira n'kukwera m'mwamba. Almut naye anaimirira. Ndinamutsatira kukhomo ndikupepesa, koma ananditembenukira.

"Za bambo ndakumva, ndipo mwina ine ndikanachita chimodzimodzi. Koma makalata aja unakaponya ndiwe. Anthu anakuona."

7

Sabata yonse sitinayankhulane. Lachitatu ndinapeza fomu pa tebulo la kukhitchini, ya ku khonsolo, yopempha chilolezo chofukula manda. Anali ataidzaza yonse ndi zilembo zawo zooneka bwino zija. Pa funso lakuti chifukwa, analemba kuti kupulumutsa chinthu cha mbiri. Panangotsala posaina.

Inakhala pamenepo masiku atatu, cholembera chili pambali pake. Ndinkadya moyang'anizana nayo. Ndinatsitsa sutikesi yanga pamwamba pa kabati ya zovala, chifukwa ndinali nditatsimikiza kuti tsiku limene asaine ndi limene ine ndituluke m'nyumba muno.

Loweruka m'mawa fomu ija panalibe. Chipewa chawo panalibenso. Ndinathamanga osamanga n'zingwe za nsapato zomwe. Ku khonsolo kunali kotseka, ndiye ndinalunjika kumanda.

Ndinawapeza ataima pa manda a bambo awo, atavala tayi, kheni ili m'manja. Anali atathirira maluwa mopitirira muyezo, madzi atachita thaphwi. Atandiona anapisa m'thumba n'kundipatsa pepala. Silinali lija. Kuno kwathu manda amakhala a banja zaka makumi awiri ndi zisanu, zikatha amafafaniza n'kuikapo wina, pokhapokha abale akalembetsenso. Dzulo lake anali atapita ku ofesi ya manda n'kulembetsa zaka zina makumi atatu.

"Ndaganizira bwino," anatero akuyang'ana kutsogolo. "Pansipa dzuwa silifika. Njenjete sizifika. Ana asukulu safika. Kunena zoona, malo osungira oposa amenewa sindikanawapeza."

Ndinati n'zoona.

"Mphindi zisanu," anatero. "Ndinawawerengera pa wotchi, Frauke."

Anagwada movutikira ndi bondo lawo lija n'kuika dzanja pa mwala, chikhatho chonse, lopanda golovesi. Ndinayang'ana kumbali kuti ndiwapatse mpata. Sindinawawerengere nthawi.

Sabata yotsatira analemba makalata ena khumi ndi asanu ndi awiri, tsamba limodzi lokha, ndipo anakaponya okha akutsimphina. Upampando anatula. Dokotala wa mano uja anabwereranso ku misonkhano, ndipo ndamva kuti amakhala kutsogolo. Jekete yanga ikadali m'kabati yagalasi, koma pansi pake anaikapo kapepala kena: Inasokedwa ndi Frauke Rehwinkel, 2004. Alendo akabwera amawaonetsa m'khwapa, n'kuwauza kuti katswiri wa boma anati sanaonepo manja otere. Amanena ngati ananditulukira ndi iwo.

Abusa anamubwezera Almut makiyi ake. Lamulungu lililonse amatitsegulira chitseko cha tchalitchi, amapereka moni kwa achimwene ake, ine n'kundipatsa buku la nyimbo osandiyang'ana. Chaka chatha makatani ake atsopano anakasoketsa kwa telala wa tauni ina. Ndinawaona podutsa. Kunsi kwake n'kokhota.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukufuna kudziwa ngati ndimadandaula. Za jekete ayi. Nkhalamba ija itandipemphanso lero ndingatengenso singano, kungoti nsalu yam'kati sindingaichape. Chimene chimandidya ndi mphindi zija ndinaima pa bokosi la makalata. Ndinkadzinamiza kuti ndikusunga lumbiro la munthu wakufa, chikhalirecho ndinkaopa nkhope ya mwamuna wanga, ndipo amene anasenza manyaziwo ndi mayi amene sanalakwe kanthu. Ngati muli ndi chinsinsi chimene mukuti mukusungira wina, tayang'anani bwino amene chikumupweteka. Mukapeza kuti si inu, musadikire kuti khofi athiridwe.

Ine ndikadali kudikira. Diresi laukwati la mwana wa Almut likufunika chaka chamawa, ndipo m'tauni muno aliyense akudziwa amene angalisoke bwino. Ulusi ndagula kale.